Musatseke mabowo a m'mphepete mwa denga chifukwa chipinda chazizira

Kuyambira mu Novembala ndalowa m'nyumba zingapo za anzathu ku Leeds ndi ku Manchester, ndipo cholakwika ndikupeza chimodzimodzi. Ana akula, malo achepa, banja lakonzetsa loft, malo a pakati pa siling'i ndi denga, kukhala chipinda chogona. Chisanu chitafika, chipinda chatsopanocho chikuzizira, ndipo zipinda zapansi pake, zimene kale zinali zofunda, nazonso zayamba kulowa mphepo. Bambo atsegula kachitseko ka pakhoma lalifupi la m'mbali mwa chipinda chatsopanocho, aona kuwala kukulowera m'mphepete mwa denga, basi atenga thonje la insulation losunga kutentha m'nyumba, mabulangete akutha, ena mpaka makatoni, n'kukanikizira m'mabowo monse.

Abale, mabowo amenewo anawasiya dala. Nthunzi ya kubafa, ya mphika wa nsima, ya zovala zimene mumayanika pa radiator, yonse imakwera. Ikakhudza pepala lakuda lozizira limene lili pansi pa matailosi imasanduka madzi, ndipo chimene chimawaumitsa ndi mphepo yolowera m'mabowomo. Mukatseka, madziwo amatsikira pa mapaso. Thonje likanyowa siligwiranso kutentha, ndiye chipinda chimazizira kuposa kale, inu n'kuthamangira hita yamagetsi, bilu n'kukwera. Pofika February siling'i yachita chuku m'makona. Matabwa akawola, ntchito yake ndi yoimika scaffolding ndi kusasula matailosi, ndalama zoposa kutali zimene mukanakonzera bwino poyamba. Chuku sichinthu choseweretsa m'chipinda cha mwana. Awaab Ishak, mwana wa zaka ziwiri wa ku Rochdale, anamwalira mu December 2020 chifukwa chopuma mpweya wa m'nyumba yachuku.

Chimene chimandiwawa n'choti ife timaidziwa kale nkhaniyi. Bambo wina wachikulire, amene analima fodya wa bale ku Kasungu zaka zambiri asanabwere kudzakhala ndi mwana wawo kuno, anandiperekeza kukaona kuseri kwa khoma. Atagwira thabwa lonyowa anapukusa mutu. Anati chaka china mvula itachuluka anaphimba chigafa chonse ndi pulasitiki poopa kuti fodya angavumbwe, ndipo patangopita masiku ochepa masamba anada n'kuyamba kununkha, theka la ndawala n'kutayika. Mwana wawo anali atachita zomwezo ndi denga. Koma chizolowezi choti paliponse polowa mphepo n'pofunika chiguduli sitikufuna kuchisiya, ngakhale wina atatiuza kangati.

Kuzizirako kukuchokera kwina. Kale thonje linkagona pamwamba pa siling'i, ndipo muyezo wake ku Britain ndi mamilimita 270. Omanga amalichotsa kuti aike mitanda ya pansi patsopano, ndipo ambiri kuseri kwa khoma lalifupi salibwezeretsa. Mphepo imadutsa pamenepo n'kuyenda momasuka pakati pa mitanda, pansi pa mapazi a wogona pamwamba komanso pamutu pa wogona pansi. Nanunso mukatseka kudenga mwasiya khomo lenileni lili pululu.

Chotsani zonse munakanikizira zija. Yalaninso thonje pa siling'i ya kuseriko, kumbuyo kwa khoma lalifupi muikenso lina, ndipo mipata ya pakati pa mitanda, pansi penipeni pa khomalo, muitseke ndi zidutswa za bolodi la insulation ngati Celotex kapena Kingspan, m'mbali mwake muthire foam. Pakati pa mapaso siyani mpata wa mamilimita 50 pakati pa bolodi ndi pepala lakuda lija. Kachitsekonso kamatidwe bolodi kumbuyo ndi labala m'mbali. Mawaya a shawa yamagetsi musawakwirire m'thonje, amatentha. Valani magolovesi ndi chophimba kukamwa, ndipo pondani pa mitanda yokha. Ngati nyumbayo n'ya lendi, jambulani chukucho muwatumizire eni ake musanagwire kanthu.