Kadyetsedwe ka njoka yoweta ya corn snake: mbewa yamoyo kapena ya mu furiji?

Munthu akamveka kuti akusunga njoka m'nyumba, anthu kwathu kuno amathamangira kuganiza za kukhwima, koma njoka yotchedwa corn snake ndi chiweto chodziwika bwino m'maiko ambiri, ndipo amene wasankha kuisunga ali ndi udindo woidyetsa moyenera monga achitira mlimi wa nkhuku kapena akalulu. Njokayi kwawo ndi kum'mwera chakum'mawa kwa dziko la United States, m'madera monga Florida ndi Georgia. Ilibe ululu, imapha nyama poikulunga ndi kuifinya, imatalika mita imodzi mpaka mita imodzi ndi theka, ndipo ikasamalidwa bwino imakhala zaka 15 mpaka 20. Popeza ndi nyama yochokera kunja, ofuna kuiitanitsa ayambe afunsa za zilolezo ku nthambi yoona za nyama zakutchire komanso ku ofesi ya zaumoyo wa ziweto.

Chakudya chake ndi mbewa yathunthu, ubweya, mafupa ndi zam'kati zomwe, pakuti m'mafupa ndi m'chiwindi ndi momwe imapeza kashiamu ndi mavitamini, ndipo nthuli ya ng'ombe kapena ya nkhuku singalowe m'malo mwake. Pamene oweta amasiyana maganizo ndi pa funso lakuti mbewayo iperekedwe yamoyo kapena yophedwa kale n'kusungidwa mu furiji. Langizo langa ndi lakuti iperekedwe yakufa, ndipo kuno ku Mzuzu pali chifukwa chapadera chonenera motero.

Amene amakonda kupereka mbewa yamoyo amati ndi mmene njoka imadyera kutchire. Zimenezo ndi zoona, koma kutchire njoka imasaka ikamva njala, ndipo ikapanda kufuna imangodzipitira. M'bokosi mulibe kothawira. Mbewa yopanikizika imaluma, ndipo mano ake akutsogolo amatha kuboola diso, mlomo kapena msana wa njoka pa nthawi imene ikukulungidwa. Choopsa kwambiri chimachitika njoka ikakhala kuti sikufuna kudya, chifukwa pamenepo sidziteteza n'komwe, ndipo mbewa imene yasiyidwa m'bokosi usiku wonse imayamba kuikukuta khungu mpaka kufika pa mnofu. Mabala otere amachedwa kupola, amatukusira msanga, ndipo akakhala a m'kamwa njoka imasiyiratu kudya.

Tsopano taganizirani za nyengo yathu. Mzuzu uli pamalo okwera, ndipo m'miyezi ya June ndi July usiku kumazizira mpaka kufika pansi pa madigiri 10. Njoka siitha kudzitenthetsa yokha, kotero imadalira kutentha kwa malo amene ili. Bokosi la corn snake liyenera kukhala ndi mbali imodzi yofunda madigiri 28 mpaka 30 ndi mbali ina yozizirirapo, ndipo kutenthako kukatsika njoka imafooka, imachedwa kuyenda ndipo imakana chakudya. Kuika mbewa yamoyo pamodzi ndi njoka yozizidwa m'nyumba ya ku Luwinga kapena ku Katoto usiku wa mu July ndi kupereka njokayo kwa mbewa.

Ena angaganize zongotchera makoswe a m'nyumba kapena kukumba mbewa kumunda, popeza zimenezi sizifuna ndalama. Musatero. Khoswe wa m'nyumba akhoza kukhala kuti wadya kale mankhwala ophera makoswe kwa anansi, ndipo poizoniyo amapitirira kwa njoka imene yamumeza. Mbewa zakutchire nazo zimanyamula nthata, nkhupakupa ndi nyongolotsi, moti njoka yanu ikhoza kudwala njoka zam'mimba, ngakhale mawuwo akumveka ngati nthabwala. Mbewa zofutsa zimene zimagulitsidwa pa timitengo m'mbali mwa msewu ndi ndiwo za anthu, chifukwa ndi zophika, zothira mchere ndi zochotsa matumbo. Zoyenera ndi mbewa zoyera zoweta, zodyetsedwa chakudya chodziwika ndi madzi aukhondo. Amene akuziweta yekha apemphe dokotala wa ziweto kuti amuonetse kaphedwe kachangu kosazunza, ndipo asaike mbewa yamoyo mu furiji kuti ife ndi chisanu, pakuti imeneyo ndi nkhanza.

Ubwino wina wa mbewa za mu furiji ndi wakuti mumatha kusunga zambiri za misinkhu yosiyana kwa miyezi ingapo, m'mbali ya furiji imene imaumitsa zinthu ngati mwala. Komabe chisanu sichipha majeremusi a Salmonella, amene amapezeka pa mbewa ndi pa njoka pomwe, ndipo amatsegula m'mimba mwa anthu, makamaka ana aang'ono ndi okalamba. N'chifukwa chake mbewazo zikhale m'chigubu chake chotseka bwino, kutali ndi nyama, usipa kapena mkaka wa pabanja, ndipo beseni losungunulira likhale lakelake, losalowa kukhitchini. Mukatha ntchito sambani m'manja ndi sopo. Nkhani ya kuzima kwa magetsi nayo isaiwalike. Magetsi akazima kwa maola ochepa musamatsegule furiji pafupipafupi, koma ngati mwapeza kuti mbewa zasungunuka, zafewa ndipo zayamba fungo, zikwirireni, chifukwa kuziumitsanso sikubweza zimene zawola kale m'mimba mwake.

Kasungunulidwe ndiye pamene ambiri amalakwitsa. Tulutsani mbewa imodzi madzulo, muiike m'kathumba ka pulasitiki kotseka, igone m'mbali yozizira chabe ya furiji mpaka m'mawa. Ngati nthawi yachepa, viikani kathumbako m'madzi ozizira kufikira mbewa itafewa. Kenako muiviike m'madzi ofunda, osati owira, kwa mphindi 10 kapena 15, ndipo mufinye pamimba ndi zala kuti mutsimikize kuti mulibe pouma kapena pozizira m'kati, chifukwa mbewa yozizira pakati imasanzitsa njoka. Madzi owira kapena microwave (makina a magetsi otenthetsera chakudya) zimaphika kunja, zimaphulitsa mimba, pamene m'kati mukadali chisanu.

Corn snake imapeza chakudya makamaka ndi fungo limene imatola ndi lilime, komanso poona kuyenda kwa chinthu. Choncho gwirani mbewa ndi chopanira chachitali, muigwedeze pang'onopang'ono patsogolo pa mutu wa njoka, ndipo ikaigwira muisiye. Musapereke ndi dzanja, poopa kuti ingazolowere kuphatikiza fungo la zala zanu ndi chakudya. Nthawi yabwino ndi chakumadzulo, pamene njokayi imayamba kuyendayenda. Kukula kwa mbewa kufanane ndi pamene thupi la njoka lanenepa kwambiri, kapena kupitirirapo pang'ono chabe. Kanjoka kongoswedwa kumene kamadya kamwana ka mbewa kopanda ubweya masiku 5 mpaka 7 alionse, pamene yaikulu imakhuta ndi mbewa imodzi pa masiku 10 mpaka 14. Ikadya musaigwire kwa masiku awiri.

Njoka imene inazolowera zamoyo imatha kukana yakufa poyamba, ndipo apa mpamene oweta ambiri amagonja msanga. Corn snake yaikulu yathanzi siivutika ikadumpha chakudya kamodzi kapena kawiri. Yambani mwaona ngati bokosi likufunda mokwanira, ndiponso ngati maso ake sanachite mbuu, chifukwa ikatsala pang'ono kufundula imakana kudya. Ngati zonsezi zili bwino, funditsani mutu wa mbewa kuposa thupi, kapena muisiye pakhomo pa kobisalira njoka usiku wonse pamalo amdima ndi opanda phokoso. Ikafika m'mawa isanadyedwe, itayeni, mudikire sabata imodzi musanayesenso. Njoka ikasanza, muipumitse masiku 10 mpaka 14 kenako muipatse mbewa yocheperapo, ndipo ngati yasanzanso, kapena msana wayamba kuonekera chifukwa cha kuwonda, pitani nayo kwa dokotala wa ziweto mutalemba masiku onse amene inadya ndi amene inakana.