Musanalipire wokupangirani webusaiti, dziwani zimene mukugula

Eni bizinesi zing'onozing'ono ambiri amapereka ndalama kwa wopanga webusaiti akangomva kuti "zonse ndikonza ine." Ntchito imathadi, tsamba limaoneka bwino, koma pakatha chaka limazimirira, ndipo wopangayo akapanda kuyankha foni mwini bizinesi amagwira njakata chifukwa alibe njira yoloweramo. Izi zimachitika kaamba kosadziwa kuti webusaiti ili ndi zinthu zitatu zosiyana, chilichonse ndi akaunti yake komanso tsiku lake lolipira: domain, hosting, ndi tsamba lenilenilo.

Tiyambe ndi domain, popeza ndi pomwe anthu amadyeredwa masuku pamutu. Domain ndi dzina limene kasitomala amalemba pa browser (pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti, monga Chrome) kuti afike kwa inu, monga dzinalabizinesi.com. Dzinali mumachita kubwereka, ndipo mumalipira chaka ndi chaka kudzera ku kampani yolembetsa mayina yotchedwa registrar, monga Namecheap kapena GoDaddy. Malamulo a mayina othera ndi .com, .net ndi .org amayang'aniridwa ndi bungwe la ICANN lomwe linakhazikitsidwa mu 1998, ndipo amalola kulipiriratu zaka mpaka 10 nthawi imodzi. M'kaundula mumalembedwa munthu mmodzi kapena kampani imodzi ngati registrant, ndipo ameneyo ndiye mwini dzinalo. Wokupangirani akalemba dzina lake ndi imelo yake pamenepo, domain ndi yake ngakhale ndalama zinachoka m'thumba mwanu. Choncho tsegulani nokha akaunti ya kwa registrar, ndi imelo yanu ndi pasiwedi yanu, kenaka mumpatse wopangayo mwayi wongogwiramo ntchito.

Tsiku lolipira likadutsa, tsamba limasiya kutseguka, nawonso maimelo othera ndi dzinalo amaima. Registrar amayenera kukutumizirani chikumbutso kukatsala pafupifupi mwezi umodzi, ndi chinanso kukatsala sabata imodzi, koma uthengawo umapita ku imelo yomwe ili m'kaundula. Ngati ndi ya munthu wina, inu simumva kanthu. Pambuyo pake pamakhala kanyengo kolipira pa mtengo wa nthawi zonse, kenaka masiku 30 owombola dzinalo pa mtengo wokwera kwambiri, ndipo amenewa akatha dzinalo limamasulidwa kuti aliyense alitenge. Pali anthu amene ntchito yawo ndi kudikirira mayina otere kuti adzakugulitseninso. Yatsani auto-renew, njira yoti malipiro azichoka okha tsiku lolipira likafika, ndipo onetsetsani kuti khadi lolipirira silinathe ntchito. Chinanso chimene ambiri sachiganizira: imelo yolembetsera isakhale yothera ndi domain yomweyo, chifukwa domain ikafa imeloyo imafanso, uthenga wokuthandizani kuiwombola osakufikani.

Hosting ndi malo pa kompyuta yoyaka usana ndi usiku, yotchedwa seva, pomwe mafayilo a tsamba lanu amasungidwa. Ili ngati nyumba ya lendi: mukhoza kusamuka n'kupita kwina osasintha dzina lanu. Chimene chimalozera dzinalo ku seva yoyenera ndi DNS, ndipo mukasamuka zingatenge maola mpaka 48 kuti aliyense ayambe kufika pamalo atsopanowo, ndiye musasamuke mkati mwa sabata yotsatsa malonda. Bizinesi yaing'ono imakwanidwa ndi shared hosting, pomwe masamba ambiri amagawana seva imodzi. Funso loyenera kufunsa kampani ya hosting ndi la backup: kope la tsambalo limatengedwa kangati, limasungidwa kuti, ndipo inu mungalitsitse? Kope losungidwa pa seva yomweyo limatayika limodzi ndi tsambalo.

Tsamba lenilenilo nthawi zambiri limamangidwa pa pulogalamu yokulolani kusintha mawu ndi zithunzi popanda kudziwa kulemba khodi. Yodziwika kwambiri ndi WordPress, yomwe inayamba mu 2003. Pemphani akaunti ya administrator, yomwe ili ndi ulamuliro wonse pa tsambalo, m'dzina lanu. Tizigawo towonjezera, totchedwa plugin, tikhale tochepa ndipo tizikonzedwa pamene mtundu watsopano watuluka, chifukwa plugin yakale yosasamalidwa ndi khomo limene akuba a pa intaneti amakonda kulowera.

Za https n'zachidule. Adiresi yoyamba ndi https imasonyeza kuti zimene kasitomala akulemba zimayenda zobisika pakati pa foni yake ndi seva, ndipo chimachititsa zimenezi ndi satifiketi ya SSL. Kuyambira mu Julaye 2018 Chrome imalemba kuti "Not secure" pa tsamba lopanda satifiketi, ndipo makasitomala akaona mawuwa amabwerera. Bungwe la Let's Encrypt limapereka masatifiketi aulere okhala masiku osapitirira 90, ndipo makampani ambiri a hosting amawakonzanso okha. Mukauzidwa kuti mulipire SSL padera, funsani chifukwa chake.

Tsamba likatha kumangidwa, nkhani imakhala yoti anthu alipeze. SEO ndi ntchito yokonza tsamba kuti lizioneka pamene munthu wafufuza pa Google popanda inu kulipira. Aliyense wokulonjezani malo oyamba pa Google m'masiku owerengeka akukunamizani, chifukwa palibe amene amagulitsa malo amenewo. Zimene zimathandiza n'zooneka ndi maso. Mutu wa tsamba lililonse unene chimene mumagulitsa ndi dera limene muli, m'zilembo pafupifupi 60, chifukwa wautali umadulidwa. Mutu wongoti "Home" suuza munthu kanthu. Zithunzi muzizichepetsa. Chithunzi chochokera m'foni chimalemera 3 MB kapena kuposa, ndipo mukaika khumi pa tsamba limodzi, kasitomala amangoona poyera pamene data yake ikutha, n'kutseka. Chichepetseni chifike m'lifupi mwa mapikiselo 1,200 ndi kulemera kosapitirira 200 KB. Yesani tsambalo pa foni yotsika mtengo, pakuti Google nayo imaweruza tsamba potengera mmene limaonekera pa foni. Lembetsaninso Google Business Profile kuti muzioneka pa mapu pamodzi ndi maola otsegulira, komanso Search Console yomwe imakuonetsani mawu amene anthu analemba kuti akupezeni. Zonse ziwirizi n'zaulere, ndipo nazonso zikhale pa akaunti yanu.

Tikafika pa kutsatsa kolipira, manambala amasocheretsa. Impressions ndi nthawi zimene uthenga wanu waonekera pa sikirini, ngakhale kwa munthu yemweyo kasanu. Reach ndi chiwerengero cha anthu osiyana amene uthengawo unawafikira. Clicks ndi nthawi zimene uthengawo wadinidwa. Mukagawa clicks ndi impressions mumapeza CTR, yomwe imaonetsa gawo la maonekedwe limene linabweretsa kudina, ndipo conversion ndi pamene munthu wachita chimene mumafuna: kugula, kuimba foni, kapena kutumiza uthenga.

Tiyerekeze kuti uthenga waonekera ka 2,000, anthu 40 adina, awiri agula. CTR ndi 2 peresenti, ndipo mwa odinawo ogula ndi 5 peresenti. Wokutsatsirani adzakuonetsani 2,000 ija chifukwa ndi yosangalatsa m'maso, koma inu tengani ndalama zonse zimene mwalipira muzigawe pawiri, popeza ogula ndi awiri. Zimene mwapezazo ndi mtengo wa kasitomala mmodzi. Zikaposa phindu limene mumapeza pa kasitomala mmodzi, ndalama zikulowa m'madzi. Manambalawa amakuuzaninso pomwe pakuvuta. Oona akachuluka koma odina n'kuchepa, vuto lili pa chithunzi, pa mawu, kapena uthengawo ukupita kwa anthu olakwika. Odina akachuluka koma ogula osaoneka, vuto lili pa tsamba lomwe akufikirapo, lotchedwa landing page: likuchedwa kutseguka, mtengo sukuoneka, kapena batani loyitanitsira katundu labisika pansi. Musatumize munthu amene wadina chithunzi cha nsapato ku tsamba loyamba la webusaiti kuti akazifufuze yekha. Afikire pa nsapatozo.

Kulipira kuli mitundu iwiri yofala. CPC ndi kulipira munthu akadina, CPM ndi kulipira pa maonekedwe 1,000 alionse. Kwa wogulitsa katundu, yambani ndi ndalama zochepa kwa sabata imodzi, mauthenga awiri osiyana chinthu chimodzi chokha, kaya chithunzi kaya mawu, kuti mudziwe chimene chasintha zotsatira. Ma likes ochita kugula ndi ndalama musawayandikire: ndi maakaunti osagula kanthu, ndipo amasokoneza manambala omwe mukadaphunzirapo.

Pa Facebook ndi Instagram lamulo ndi lomwe lija la domain. Bizinesi ikhale ndi Page, yosiyana ndi akaunti yanu ya inu mwini, ndipo ulamuliro wonse ukhale ndi inu. Wantchito kapena wokutsatsirani apatsidwe gawo lochepa lomwe mungamuchotsere tsiku limene wasiya ntchito. Yatsani chitetezo cha masitepe awiri, chija chofuna nambala yapadera kuwonjezera pa pasiwedi. Mukalandira uthenga woti Page yanu itsekedwa m'maola 24 pokhapokha mudine linki, musadine. Lowani pa akaunti yanu mwa njira ya nthawi zonse, ndipo ngati chenjezolo n'loona mukalipeza m'menemo.