Galimoto ikachoka kwa mapanelobita ithireni madzi musanalipire zonse

Abale amene muli kuno ku Harare, makamaka inu a ma Honda Fit ndi ma Wish, penti isamakunamizeni. Galimoto yogundidwa imachoka ku Gazaland kapena ku Magaba ikuwala bwinobwino, munthu kulipira madola onse, ndiye mvula ikangoyamba mu November basi kapeti yanyowa, magalasi nkhungu mkati mmawa uliwonse, fungo la chuku losatha olo mupopere perefyumu.

Chimachitika nchoti pamene malata awiri akumana, kufakitale amamatapo sila kuti madzi asalowe. Mapanelobita akamawongola ndi kuwotcherera sila uja amapsa kapena kusweka, ndiye ena pothamangira ndalama amangopaka fila (phala lija losalazira malata) nkupenta osabwezeretsa. Chimodzimodzi galasi lakutsogolo akalimata ndi guluu wotchipa, kapena labala wa chitseko ndi wa malaiti akumbuyo akabwezera wakale wong'ambika.

Ndiye musanapereke ndalama yotsala, pitani nayo pa car wash, poti madzi a mmipopi kuno mukudziwa kale mavuto ake. Wina akhale mkati ndi tochi, wina azithira ndi paipi pang'onopang'ono kuyambira mmunsi kumakwera, mukayambira padenga simudziwa pomwe alowera. Mukatha tsegulani buti, chotsani kapeti ndi sipeya tayala, gwirani ndi dzanja pansi penipeni. Apa mpamene madzi amakonda kudikha, ndipo a Fit ya hybrid apa samalani zedi chifukwa batire lija lili konko kunsi kwa buti, likamwa madzi ndalama yake mulira. Kutsogolo dindani kapeti mwamphamvu ndi nyuzipepala, pamwamba pamatha kuuma koma siponji ya pansi itakhuta madzi, ndipo mmenemo mumadutsa mawaya. Dzimbiri limayambanso momwemo.

Onaninso kunsi kwa ma wiper, masamba ndi maluwa a jacaranda aja a mu October amatseka mabowo otulutsira madzi, nthawi zina vuto limakhala lomwelo osati mmisiri.

Maginito atengeni, pamene sakugwira palata ndiye kuti fila ndi wochindikala. Laiti ya airbag iziyaka mukatembenuza kiyi kenako nkuzima, ikapanda kuyakiratu afunseni bwino, ena amachotsa babu kuti musadziwe. Chiwongolero chikamakokera mbali imodzi kapena tayala kudyeka mbali imodzi, mwina chasisi sinawongoke, pitani nayo ku alignment akaone ngati matayala ali pa mzere.

Ngati ikulipira ndi inshuwalansi musasayine pepala loti mwakhutira musanayese zonsezi, ndipo mgwirizano wanu ndi mmisiri ukhale pa WhatsApp ndi zithunzi zomwe. Amene mukuganiza zopita nayo kumudzi pa Khrisimasi kudzera pa Nyamapanda, ngati inagundidwa kutsogolo aipime kaye radiator ndi mapaipi ake, kadontho kakang'ono kamene simukukaona muno mtauni kakuthetsani madzi pa kutentha kwa ku Tete musanafike ku Mwanza.