Kulera powerenga masiku: kawerengedwe kake ndi pomwe njirayi imaphonya

Amayi ena amene amati "ndinkawerenga masiku koma ndinaima" amakhala kuti anayambira kuwerenga polakwika. Tsiku loyamba ndi limene mwayamba kusamba, osati limene mwamaliza.

Poyamba, chongani tsiku limeneli pa kalendala kwa miyezi 6 yotsatizana. Mukawerenga masiku kuchokera pomwe msambo wayamba kufika tsiku loti wina uyamba mawa lake, mwapeza kutalika kwa mwezi wanu.

Kenako tengani mwezi umene unali waufupi kwambiri, muchotsepo 18. Pa umene unali wautali kwambiri muchotsepo 11. Tinene kuti waufupi unali masiku 27, wautali 31: ndiye kuti kuyambira tsiku la 9 mpaka la 20 mungathe kutenga pakati. Masiku amenewa musagonane, apo ayi gwiritsani ntchito kondomu. Muzibwereza masamuwa mwezi uliwonse.

Mwina mukudabwa kuti masiku akuchuluka bwanji pomwe dzira la mayi limangokhala ndi moyo pafupifupi tsiku limodzi. Nkhani ili pa umuna, umene umatha kudikira m'thupi mwa mayi mpaka masiku 5. Komanso dzira silituluka pa tsiku la 14 kwa aliyense monga ena amanenera. Matenda ndi nkhawa zimatha kulichedwetsa.

Kwa amene sakonda masamu pali njira yowerengera masiku pa mikanda, imene anakonza akatswiri a ku Georgetown University ku America. Imayenera okhawo amene mwezi wawo umakhala pakati pa masiku 26 ndi 32, ndipo masiku osala ndi 8 mpaka 19, amene pa mkandapo amakhala oyera. Mwa amayi 100 oitsata mosaphonya kwa chaka, pafupifupi 5 amatengabe pakati. Momwe anthu amaitsatira m'makomomu, nambalayi imafika 12. Lupu ndi kachipangizo ka pamkono sizifika ngakhale mmodzi pa 100. Kusiyana kwa 5 ndi 12 kumachokera kuchipinda: masiku osala 12 aja ndi ambiri, ndipo ngati bambo sanagwirizane nazo, kalendala payokha siithandiza.

Musadalire njirayi ngati mwangobereka kumene, mukuyamwitsa msambo usanakhazikike, mwangosiya jakisoni, kapena mukuyandikira kusiya kusamba. Siitetezanso ku HIV ndi matenda ena opatsirana pogonana. Mukaona kuti kawiri pa chaka mwezi wanu wachepera masiku 26 kapena wapitirira 32, siyani mikanda, tengani kalendala yanu mukaonane ndi anamwino a zakulera akusankhitseni njira ina.