Kugula zakudya ndi za m'nyumba ku Musina: m'mene mungatetezere ma rand anu

Amalawi ambiri amaidziwa Musina, tauni ya ku South Africa ya kufupi ndi malire a Zimbabwe, ngati malo ongodutsa. Basi ikaoloka mlatho wa Beitbridge pa mtsinje wa Limpopo, imalowa msewu wa N1 n'kupitirira ulendo wa ku Joni. Koma alipo abale athu amene anatsikira pomwepo, akugwira ntchito m'minda ya tomato ndi malalanje, m'mashopu, m'nyumba za anthu kapena pa zomangamanga. Kwa iwowa, tauni imeneyi ili ndi khalidwe lake pa nkhani ya kagulidwe, ndipo wosalidziwa amangoona malipiro akutha mwezi usanafike pakati.

Masitolo a ku Musina amadalira kwambiri anthu ochokera ku Zimbabwe odzapikula katundu. N'chifukwa chake m'mashelefu a Shoprite, Boxer, Spar ndi m'mahosela mumadzaza matumba akuluakulu a ufa ndi mpunga, zigubu za mafuta ophikira za malita 5, shuga wa m'mabelo ndi sopo wa m'makatoni. Mtengo wabwino uli pa katundu wambiri. Wogula pang'onopang'ono pa spaza (kagolosale) ya pafupi ndi nyumba, monga tinazolowera kugula ufa wa walkman kwathu, amalipira mowirikiza osazindikira. Musamangoona mtengo wolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu. Pakapepala ka pa shelefu nthawi zambiri pamakhalanso mtengo wa kilogalamu imodzi kapena lita imodzi, ndipo umenewo ndiwo wofanizira. Ufa wa makilogalamu 12.5 ndi wa makilogalamu 10 umaoneka wofanana m'maso, choncho werengani.

Vuto n'lakuti si aliyense angatulutse ndalama zambiri tsiku limodzi. Malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi boma anafika pa R28.79 pa ola mu Malichi 2025, ndipo pamenepo pachoke lendi, pachoke yotumiza kumudzi pa Mukuru. Njira imene ndimaikhulupirira ndi yosonkherana. Anthu atatu kapena anayi okhala pa yadi imodzi aponye ndalama pamodzi, agule belo la shuga, katoni ya sopo ndi thumba lalikulu la mpunga, alipire thekisi imodzi, akagawane kunyumba. Eni dziko ali ndi magulu otere omwe amawatchula stokvel, ndipo ena amasonkha chaka chonse kuti adzagule zakudya mu Disembala. Chokhacho, lembani m'kabuku amene wapereka ndi zimene watenga, poti ndalama yosalembedwa yadanitsa anthu a mudzi umodzi.

Dziwaninso za msonkho. Ku South Africa VAT ndi 15 peresenti kuyambira mu 2018, koma pali zakudya zimene sizidulidwa msonkhowu: ufa wa chimanga, mpunga, buledi wa bulauni, nyemba zouma, mazira, mkaka, mafuta ophikira, ndiwo zamasamba, zipatso ndi nsomba za m'chitini za pilchards. Nyama, zakumwa zozizilitsa kukhosi, mabisiketi ndi zophikaphika za m'sitolo zimadulidwa. Mphika wa nsima, nyemba, mazira ndi masamba, womwe ndi wathu kale, ndiwo wotsika mtengo m'dzikoli. Tengani khadi yochotsera mitengo, monga Xtra Savings ya Shoprite, chifukwa mitengo yambiri ya pa sale imagwira kwa okhawo ali ndi khadi. Ndi yaulere, funsani pa kauntala mutanyamula pasipoti.

Komabe si zonse zoyenera kuunjika. Ku Musina kumatentha zoopsa, m'miyezi ya Novembala mpaka Febuluwale kutentha kumatha kupitirira madigiri 40. M'chipinda cha malata chopanda filiji, mkaka umasasa tsiku lomwelo, buledi amachita nkhungu, ndipo ufa wokhalitsa umalowa anankafumbwe. Thirani ufa ndi mpunga m'zidebe zotseka bwino, muziike pa thabwa osati pa simenti. Tomato, anyezi, kabichi ndi repu gulani wa masiku awiri kwa amayi a m'mbali mwa msewu, amene katundu wawo amachokera m'minda ya pafupi ndipo amalola kunenerera. Kwa iwo omwewo mupeza matemba ouma olowa m'malo mwa usipa. Usipa wochokera kwathu umafika utakwera mtengo ndi ulendo wonse wa Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Harare, ndiye muuyese wa tsiku lapadera.

Magetsi ndi olipiriratu. Musanalowe nyumba, funsani ngati mita ndi yanuyanu kapena ya onse, chifukwa pa mita yogawana mudzalipirira ketulo ndi ayironi za anzanu. Nyemba ndizo zimadya mayunitsi. Zivikeni usiku, ndipo ngati mungathe gulani kasilinda ka gasi.

Chenjezo limodzi lolemera: musagule mankhwala a makoswe ndi mphemvu ogulitsidwa m'timapepala topanda dzina. Mu Okutobala 2024 ana asanu ndi mmodzi anamwalira ku Naledi, ku Soweto, ndipo akuluakulu a zaumoyo anapeza kuti chinawapha ndi mankhwala a m'munda otchedwa terbufos. Yang'ananinso deti pa chitini chilichonse chotchipa modabwitsa.

Za masiku ogulira, kumapeto ndi kumayambiriro kwa mwezi mizere imatalika chifukwa malipiro, ndalama za SASSA (thandizo la boma kwa okalamba, ana ndi olumala) ndi opikula a kutsidya zimakumana nthawi imodzi, ngakhale kuti ma sale ambiri amagweranso pomwepo. Pitani m'mamawa masitolo akangotsegula, pakati pa sabata. Disembala ndiye woipitsitsa, magalimoto amafola pa N1 kudikira kuoloka, ndipo mafuta ophikira ndi shuga zimatha msanga m'mashelefu. Gulani zanu mu Novembala.

Ngati mukugulira a kumudzi, werengerani mtengo wa wonyamula katundu ndi msonkho wa MRA pa chipata cha Mwanza kapena Dedza musanalipire pa tilo. Pa zinthu zolemera monga ufa ndi shuga, kutumiza ndalama kuti akagule konko kumapepuka kusiyana ndi kukweza thumba pa thirela. Sungani malisiti a katundu yense amene mwatumiza, adzafunika pa chipata.