Mmene mungalembere ndemanga ya filimu yakale ya tsankho ngati Mississippi Burning

Choyamba ioneni kawiri. Koyamba ingokhalani pansi muione ngati wina aliyense, kachiwiri ndiye tengani pepala ndi bolopeni muziyiimitsa paliponse pomwe pakukhudzani nkumalemba.

Musathe nthawi kudandaula kuti zithunzi sizikuwala ngati za mafilimu a masiku ano, imeneyi ndi ya 1988 ndipo inawina Oscar ya kajambulidwe, malo aja matchalitchi a anthu akuda akuyaka usiku amaswa mtima mpaka pano. Nenaniko pang'ono za Gene Hackman ndi Willem Dafoe, omwe akusewera ngati apolisi awiri osamvana a FBI (bungwe lofufuza milandu la boma la America) ofufuza za kusowa kwa anyamata atatu mtauni ina ku Mississippi, Dafoe akufuna kutsata buku la malamulo pomwe Hackman akudziwa kuti mtauni imeneyo apolisi ndi a Ku Klux Klan, gulu la azungu odana ndi anthu akuda, amadyera mbale imodzi. Mathero okha musaulule chonde.

Ntchito yeniyeni ili pa mbiri. Nkhaniyi inachitikadi, mu June 1964 anyamata atatu, James Chaney, Andrew Goodman ndi Michael Schwerner, omwe ankathandiza anthu akuda kulembetsa kuti azivota, anaphedwa ku Neshoba County m'chigawo cha Mississippi ku America ndipo mitembo yawo inapezeka patatha masiku 44 atayikwirira mu khoma ladothi la damu. Werengani zimenezi kaye, kenako onani kuti Alan Parker, yemwe anatsogolera kujambula filimuyi, kamera wailozetsa kwa ndani. Mupeza kuti anthu akuda nthawi zambiri akungolira, kuimba pa maliro, kuthawa, ngwazi ndi azungu a FBI, chonsecho FBI yomweyo pansi pa mkulu wake J. Edgar Hoover inkamvetsera mobisa mafoni a Martin Luther King. Ine izi zimandiwawa ndithu chifukwa amene ankagogoda khomo ndi khomo ku Mississippi akudziwa kuti atha kuphedwa usiku womwewo anali eni dera, anthu ngati Chaney, koma mufilimu mawu awo simuwamva bwinobwino. Ngakhale mayi Coretta Scott King, mkazi wa Martin Luther King, anaidzudzula filimuyi. Ndemanga yanu ikadumpha mbali imeneyi ndiye kuti yaperewera.

Chenjezaninso owerenga kuti muli kumenya koopsa ndi mawu onyoza anthu akuda, si yoonera ndi ana pa balaza. Mamakisi perekani pawiri, ena a mmene filimu ikukokera mtima, ena a mmene yasungira zoona, ndipo kwa ine oyambawo ndi ambiri kuposa achiwiri.