Kukokera intaneti kuchoka kunyumba kufika kugolosale

Pa katoni ya TP-Link CPE210, chida choika padenga chotumiza Wi-Fi patali, amalemba kuti imafika makilomita 5, ndipo CPE510 akuti 15. Nditagula yoyamba ndinkaganiza kuti foni yanga izigwira Wi-Fi ya kunyumba mpaka kumsika. Ayi ndithu. Mtunda umenewo ndi wa zida ziwiri zoyang'anizana. Foni ili ndi mawu ochepa: imamva chidacho chikufuula patali, koma ikayankha sichiimva. Ndiye ngati mukufuna intaneti ifike kugolosale, kusukulu kapena kutchalitchi kutsidya kwa dambo, gulani ziwiri zofanana. Imodzi muiike pa Access Point (yotumiza) kumene kuli router, kabokosi kogawa intaneti m'nyumba, inayo pa Client (yolandira), kenako kumaloko mulumikize ka router kena koti mafoni azigwirako.

Musanagule, kwerani padenga muone ngati malo enawo akuoneka. Golosale yanga ili pafupifupi mamita 700 kuchokera kunyumba, ndipo pakati pali mtengo wa mango wa aneba. M'chilimwe zonse zinkayenda bwino. Mvula itagwa, masamba atanyowa, intaneti inayamba kudukaduka. Madzi amameza mafunde a Wi-Fi, makamaka a mtundu wa 5 GHz kuposa a 2.4 GHz. Sindikanawauza aneba kuti adule mtengo wawo, choncho ndinawotcherera paipi ina pamwamba pa imene ndinamangapo chidacho, chidacho chinakwera mamita awiri, vuto linatha. Musamangoti bola zikuonana; pakhale mpata wokwanira pamwamba pa mitengo ndi madenga, chifukwa mafundewo amayenda motambasuka pakatikati pa ulendo.

Zida za 2.4 GHz, monga CPE210, zimapirira mitengo pang'ono, koma m'tauni zimasokonezana ndi ma router a anthu ena. Mukasankha zimenezo, khalani pa channel 1, 6 kapena 11. Ngati njira ndi yoyera, ine ndimakonda 5 GHz, kaya CPE510 kaya LiteBeam ya Ubiquiti.

Kulozetsa kumafuna anthu awiri. Wina akhale pa laputopu akuwerenga mphamvu ya signal, wina padenga akutembenuza pang'onopang'ono. Nambala ya mphamvuyo ikafika cha m'ma -60 dBm, signal ili bwino, mangani zolimba. Ikakhala -75 kapena kulowera ku -80, signal ndi yofooka, musatsike msanga.

Magetsi amadzera m'chingwe chomwecho cha intaneti, kudzera pa kabokosi kolowetsa magetsi m'chingwe, kotchedwa PoE, kamene kamakhala m'nyumba. Gwiritsani kabokosi kamene kanabwera ndi chidacho, poti zambiri mwa izi zimadya ma volt 24 ndipo kabokosi kolakwika kangathe kuchiotcha. Chingwe chisapitirire mamita 100, chikhale cha panja, chamkuwa weniweni. Chisanalowe m'khoma, chikhotetseni chilendewere pang'ono ngati chilembo cha U kuti madzi azidonthera pansi. Ine ndinaiwala, madzi anatsata chingwe mpaka m'kabokosi.

Za mphezi musanyozere. Paipi yachitsulo padenga mu Januwale ikufunika waya wopita ku chitsulo chokhomeredwa m'nthaka, komanso surge protector, kachida koteteza ku magetsi obwera mwamphamvu, pa chingwe. Zidazi sizidya magetsi ambiri, moti batire la sola limodzi limayendetsa chidacho ndi router magetsi akathima.

Pomaliza kuika, sinthani password imene inabwera nacho ndipo mutseke Wi-Fi ndi loko wa WPA2. Sabata yoyamba ndinasiya chosatseka, ndipo anyamata a pa bawo anandimalizira bandulo ya mwezi m'masiku anayi.